Pamtondo Panati Zii, Nyimbo Zinatsalira M'matepi

Akuluakulu a m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Dowa kapena Kasungu akamakumbuka mmene kunkachera kale, sayamba ndi tambala. Amayamba ndi mtondo. Kusanayere bwino, misi inali itayamba kale kugunda kuseri kwa nyumba, wina pano wina patsidya pa dambo, ndipo pamwamba pa mgugu umenewo pankamveka mawu a amayi akuyimba. Lero chimene chimadzutsa mudzi ndi injini ya chigayo, ndipo pamalo amodzi pamakhala chokonola ndi chogaya chomwe. Palibe mayi amene anasinjapo mpaka manja kuchita matuza angadandaule kuti chigayo chinabwera. Koma pamodzi ndi ntchito yowawayo panachokanso malo amene nyimbo zambiri za dziko lino zinkabadwira, moti mwana wa lero akafuna kumva mmene agogo a amayi ake ankayimbira posinja, kuseri kwa nyumba sakapezako kanthu. Ayenera kufunafuna tepi, ndipo tepiyo ili ku Chichiri, ku Makhanda, ku Vienna kapena ku Berlin. Anthu amene anajambula matepi amenewo ndi oyenera kuwathokoza. Chimene ndikukana ine ndi chizolowezi chonena kuti nyimbo zathu zinasungidwa chifukwa chakuti zinajambulidwa. Kujambula kunali theka la ntchito. Theka linalo, lobweza mawuwo kwa anthu amene angawavomere, ndi limene likutsalira mpaka pano.

Kuti timvetse chimene tepi inagwira ndi chimene inaphonya, tiyambe taona mmene pamtondo pankakhalira. Ufa woyera sunali wa tsiku limodzi. Chimanga ankachikonola atachiwaza madzi, n'kuchipeta m'lichero kuti gaga achoke, mphaleyo n'kuiviika masiku angapo mpaka ifewe, kenaka kuitsuka, kuiyanika pang'ono pamphasa, kuisinja, kusefa, ndi kubwezeranso misere mumtondo. Ntchito yotereyi munthu sankaikonda ali yekha. Amayi awiri kapena atatu ankazungulira mtondo umodzi, musi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo nyimbo ndi imene inkawayendetsa kuti misi isagundane. Mmodzi ankayambitsa, enawo n'kumavomera. Zimene ankayimbazo sizinali zongokometsera ntchito ayi. Pamtondo ndi pamene ankadzudzulira mwamuna waulesi kapena womana, apongozi ovuta, mkazi mnzake wa pamitala, ndiponso mtchona amene anapita ku Joni kapena ku Halale n'kuiwala kutumiza ngakhale bulangete. Mawu amene mkazi akanawalankhula pabwalo n'kukhala mlandu, akawayimba sankakhala mlandu, ndipo mwamuna wonenedwayo ankawamva ali pakhonde, anansi akumvanso. Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, anasonyeza kuti ufulu wodzudzula kudzera m'nyimbo unali wofala m'chigawo chonse chino cha Africa, ndipo Enoch Timpunza Mvula anafufuza za nyimbo za amayi kwathu kuno. Mfundo yofunika pa nkhani yathu ndi yakuti nyimbo yotere inalibe mawu okhazikika. Dzina la wonenedwa linkasintha, chifukwa chomunenera chinkasintha, ndipo nyimbo ya dzulo inkadzuka ndi nkhani ya lero.

Mtondo sunali wokha. Panali nyimbo za padima, pamene anthu ankalimira mnzawo munda kuti madzulo amwe mowa kapena thobwa, makasu akutsika pamodzi. Panali za opalasa ngalawa pa Shire, za okoka khoka m'mbali mwa nyanja, za amtengatenga ndi onyamula machila amene ankayenda mitunda ndi katundu wa azungu pamutu, za kumaliro, za kutsimba. Madzulo, makamaka zokolola zikalowa m'nkhokwe, ana ankasonkhana kwa agogo. Wokamba ankati padangokhala, omvera n'kuti tilitonse, ndipo akaleka kuvomera ndiye kuti tulo tawatenga, nthanonso yathera pomwepo. Nthano zambiri zinali ndi nyimbo pakati, ya kambalame kowulula chinsinsi kapena ya mwana wamasiye, ndipo nyimboyo sinali ya wokamba yekha, onse ankaiyimba. Panalinso akatswiri oyenda mudzi ndi mudzi ndi bangwe kapena kaligo, ambiri a iwo osaona, amene ankakhala pamowa n'kumapeka nyimbo pa nkhani za m'deralo. Kumbuyo kwa oyimbawo kunali amisiri amene sitiwatchula kawirikawiri: wosema ng'oma amene ankadziwa mtengo woyenera, woika phula pakati pa chikopa kuti ng'oma ilire mozama, anyamata owamba mbalule pamoto gule asanayambe, ndi wokonza valimba ku chigwa cha Shire amene ankasankha zikho molingana ndi liwu la thabwa lililonse, n'kumata pabowo kachikwa koyera ka kangaude kuti liwulo lizinjenjemera. Zonsezi zinkaphunziridwa poonerera ndi pochita nawo. Sukulu yake inali ntchito yeniyeniyo, n'chifukwa chake ntchito itasintha sukuluyo inatsekeka popanda wolengeza.

Oyamba kuyesa kusunga zinthu zimenezi anazisunga papepala. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892, ndipo m'menemo munalowa miyambi, mafotokozedwe a magule ndi a zoyimbira. Mu 1907 R. S. Rattray, amene ankagwira ntchito ku African Lakes Corporation, anasindikiza buku la nthano ndi nyimbo za Chinyanja. Mabuku amenewa ndi chuma, koma nyimbo yolembedwa mawu okha imafika kwa ife yopanda liwu, yopanda ovomera, yopanda m'manja. Ndipo zaka zomwezo zimene amishoni ena ankalemba, mipingo yambiri inkadula Akhristu opezeka kugule.

Makina atafika, anafika ndi anthu obwerera kumigodi ndi kumafamu. Mtchona wochita bwino ankabwera ndi njinga, sutikesi ndi galamafoni yopukusa, ndipo mbale zake zinkamveka mudzi wonse. Abale a Paseli anatchuka ndi nyimbo ya Napolo, yokamba za madzi amene anasesa Zomba mu 1946. Wayilesi ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, inkaulutsa m'Chinyanja kwa anthu a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1949 kunabwera kawayilesi kotsika mtengo ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kamene kanalowetsa mawu a kutali m'nyumba za anthu wamba. Kumeneko n'kumene Alick Nkhata ankagwira ntchito, kuyimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba ndiponso kujambula nyimbo za m'midzi. Kuyambira pamenepo khutu la munthu wa kumudzi linayamba kuzolowera chinthu chachilendo: nyimbo imene imamveka chimodzimodzi nthawi zonse, imene sisowa kuti iye avomere.

Dzina lalikulu pa nkhani yojambula m'midzi ndi la Hugh Tracey, Mngelezi amene anabadwa mu 1903 n'kukakhala ku Southern Rhodesia ali mnyamata, kumene anaphunzira nyimbo za Chikaranga kwa anthu amene ankalima nawo fodya. Iyeyu anayenda maiko ambiri a kum'mwera, pakati ndi kum'mawa kwa Africa ndi galimoto zonyamula makina, ndipo ku Nyasaland anajambulako mu 1950, 1957 ndi 1958. Magetsi ankachokera ku jenereta imene ankaiimika patali ndi chingwe chachitali kuti phokoso lake lisalowe m'nyimbo. Maikolofoni ankaigwira m'manja, n'kumaisuntha kuchoka kwa woyambitsa kupita kwa ovomera, kenaka ku ng'oma. Akamaliza ankawabwezera oyimbawo mawu awo kuti adzimve, ndipo kwa ambiri aka kanali koyamba. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music ku Roodepoort pafupi ndi Johannesburg, ndipo pa zimene anajambula anatulutsa mbale zoposa 200 zotchedwa Sound of Africa. Iye atamwalira mu 1977, mwana wake Andrew Tracey anasamutsira nkhokweyo ku Rhodes University mu 1978, mumzinda wa Grahamstown umene lero ukutchedwa Makhanda. M'menemo muli Amang'anja, Achewa, Ayao, Atonga, Atumbuka, Angoni, muli bangwe, kaligo, sansi, malipenga, nthano zoyimba, ndipo mulinso amayi akusinja, mgugu wa misi ukumveka bwinobwino.

Alipo amene amati ntchito imeneyi inali kuba basi: mzungu wa nthawi ya atsamunda anabwera ndi makina, anatenga mawu, anapita. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake. Ulendo wotere unkadutsa m'manja mwa bwana DC ndi mafumu, anthu ankaitanidwa kuti adzayimbe pa tsiku ndi malo osankhidwa ndi ena, ndipo nyimbo imene pamaliro inkatha usiku wonse inkafupikitsidwa kuti ikwane mphindi zitatu kapena zinayi. Mayi amene waitanidwa kudzasinja pamaso pa mfumu, mesenjala ndi alendo, n'zovuta kuti atchule dzina la mwamuna wake monga akanachitira ali ndi anzake okhaokha. Mbalezo zinapita kumayunivesite ndi kumawayilesi, pomwe midzi imene inayimba inalibe chozimvera. Komabe mlandu wa kuba suyenera kutitseka maso. Tracey ankalemba dzina la woyimba, mudzi kapena boma, chilankhulo, zoyimbira ndi tanthauzo la mawu, pa nthawi imene azungu anzake ambiri sankaona chifukwa cholembera dzina la munthu wakuda woyimba bangwe. Komanso boma la Nyasaland, mipingo ngakhale zipani za ndale zimene zinkamenyera ufulu, palibe amene ankachita ntchito yoteroyo pamlingo umenewo. Popanda matepi akewo, mawu a anthu obadwa Chilembwe asanaukire tikanawamva kuti? Ine ndikuona kuti vuto lalikulu silinali pa tsiku lojambula. Linali pa zaka makumi zotsatira, pamene mawuwo anakhala kutali ndi eni ake, ndipo vuto limenelo mbali yake ina ndi yathu, chifukwa kuyambira 1964 takhala ndi boma lathu lotha kupempha makope.

Ufulu utabwera, ntchito yojambula inagwera Malawi Broadcasting Corporation. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu iyi inali wayilesi yokhayo m'dziko, wayilesi ya kanema kunalibe mpaka 1999, ndipo malo ojambulira nyimbo a anthu wamba anali osowa kwambiri. Choncho woyimba aliyense wofuna kumveka ankadikira MBC, kaya apite yekha ku Blantyre kaya ojambula amupeze kwawo. Magulu a wayilesi ankayendera maboma ndi makina a matepi ozungulira, uthenga unkatsogola, ndipo magulu a magule, makwaya, oyimba banjo ndi oyimba bangwe ankasonkhana kudikira nthawi yawo. Zojambulidwazo zinkamveka pa pulogalamu ya Nyimbo za M'maboma, imene anthu achikulire amaikumbukabe. Kumeneko munthu wa ku Nsanje ankamva visekese vya ku Rumphi, wa ku Karonga ankamva tchopa cha ku Mulanje ndi manganje a ku Mangochi. Kuchokera mu 1968, pamene Chichewa ndi Chingelezi zinatsala zokha zolankhulidwa pawayilesi, nyimbo ndizo zinali khomo limene zilankhulo zina zinkalowera. Allan Namoko wa ku Thyolo ndi Chimvu River Jazz Band, Michael Yekha ndi ena otero anadziwika dziko lonse chifukwa cha matepi amenewo. Apa tingati theka lachiwiri la ntchito linkachitika ndithu, popeza mawu ankabwerera kumudzi kudzera m'kawayilesi ka pakhonde, ndipo mudzi umene wamveka unkanyadira mlungu wonse.

Koma nthawi ya MBC inali ndi mtengo wake. Kamuzu Banda anabwerera m'dziko mu 1958, chaka chomwe Tracey anajambula komaliza kuno, ndipo posakhalitsa magule a amayi monga chimtali ndi chioda anasanduka zida za chipani. Mayimbidwe akale ankatsala, mawu n'kusinthidwa kuti atamande Ngwazi ndi kunyoza amene anathawa pa mkangano wa nduna wa 1964. Lamulo lounika zofalitsidwa la 1968 linawonjezera mantha, ndipo woyimba wochenjera ankadziwa yekha mawu oyenera kusiya kunyumba. Motero ufulu uja wa pamtondo, wonena chilichonse bola chikhale m'nyimbo, sunalowe wonse m'nkhokwe ya wayilesi. Ena ankabisa chidzudzulo m'miyambi, ndipo omvera ankachitola, koma wofufuza wa mawa amene adzamvere matepi a zaka zimenezo popanda munthu womuuza zimene zinkachitika adzaganiza kuti amayi a dziko lino kwa zaka makumi atatu analibe dandaulo lina lililonse. Tepi simanama pa zimene inamva. Chimene siitha kunena ndi zimene woyimba anameza, ndipo zimenezo amazidziwa ndi anthu amene analipo.

Njira ina yosiyana inaonekera ku Chileka. Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria, anakumana ndi anyamata awiri a pachibale, Daniel ndi Donald Kachamba, akuyimba kwela ndi gitala ndi chitoliro, ndipo ubale umene unayamba pamenepo unatha zaka zambiri. M'malo modutsa kamodzi, iye ankabwerera kumudzi womwewo wa Singano, ndipo anthu a m'mudzimo anasanduka ofufuza anzake. Buku la 1987 lotchedwa Malawian Music: A Framework for Analysis analilemba mothandizana ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba. Mu 1989 Moya Malamusi anayambitsa Oral Literature Research Programme komweko ku Chileka, yosonkhanitsa nthano, miyambi, zilapi, nyimbo ndi zoyimbira zenizenizo. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Munthu wa m'mudzi momwemo akamajambula nthano, omvera amavomera momasuka, ana amaseka, wokamba amapatuka n'kubwereranso, ndipo wojambulayo amadziwa kuti kalulu wa usiku uno akunena yani. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001 atangophunzitsako ku yunivesite ya California ku Los Angeles, koma nyimbo zawo zinapitirira kuyimbidwa ku Chileka chifukwa panali achinyamata amene anakulira pambali pawo. Ichi ndicho chitsanzo chimene chikusonyeza bwino kwambiri zimene ndikunena, ngakhale kuti ndi ntchito ya banja limodzi ndi abwenzi ake, yopanda mphamvu za boma.

Wina anganene kuti zonsezi ndi kulira maliro a chinthu chimene chinafa imfa yachibadwa. Chikhalidwe chimasintha, achinyamata ali ndi nyimbo zawo, ndipo palibe chifukwa chowakakamizira za agogo awo. Kusinthako sindikukukana, ndipo mbiri yomwe tafotokozayi ikuchitira umboni. Malipenga, mganda ndi beni, amene lero timawatcha magule a makolo, anabadwa potengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda. Kwela ya a Kachamba inachokera m'misewu ya Johannesburg. Banjo ya Namoko inali chida chachilendo chimene chinaphunzira kulankhula Chilomwe ndi Chimang'anja. Koma taonani kuti pa zitsanzo zonsezi chachilendocho chinagwera m'manja mwa anthu odzaza kale ndi nyimbo za kwawo, n'chifukwa chake chinatuluka chili chathu. Wopeka nyimbo amapeka ndi zimene khutu lake linamva ali mwana. Matepi aja ali ngati chimanga cha mbewu chimene amayi ankachimangirira kutsindwi pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asachigwire: utsi unkachiteteza ndithu, koma cholinga chinali choti dzinja likafika chitsike chikalowe m'nthaka, ndipo chikakhalitsa kutsindwiko sichimeranso. Zoti achinyamata safuna zakale, umboni ukukana. Patience Namadingo atayimba ndi Giddes Chalamanda mu 2020, nyimbo ya Linny Hoo ya mkulu wa ku Chiradzulu wobadwa mu 1930 inafalikira pa TikTok mpaka maiko akutali, ndipo oifalitsawo anali achinyamata. Madalitso Band yayenda ku Ulaya ndi babatoni yopanga okha. Chimene achinyamata sangachite ndi kukonda nyimbo imene sanaimvepo.

Ena amavomera zonsezi koma amati yankho linapezeka kale, ndilo kusamutsira matepi m'makompyuta ndi kuwaika pa intaneti. Kusamutsako n'kofunika ndipo n'kwachangu, pakuti tepi simakhala muyaya. Chinyezi ndi kutentha zimaichititsa nkhungu, imamatirira, imaduka, ndipo makina oiwerengera akusowa pamodzi ndi amisiri owakonza. MBC, ndi thandizo la dziko la Norway, inagwira ntchito yosamutsa matepi ake akale, ndipo kampani ya SWP Records ya Michael Baird inatulutsa ma CD awiri a zimene Tracey anajambula ku Nyasaland, imodzi ya kum'mwera ndi pakati, ina ya kumpoto ndi pakati. Zonsezi ndi zabwino. Koma nyimbo ikachoka pashelefu n'kulowa m'kompyuta ya muofesi, kwa mayi wa ku Mayani kapena ku Chapananga sinasunthe ngakhale phazi limodzi. Ikakhala pa intaneti, pamafunika foni yamakono, ndalama ya bandulo, Chingelezi chofufuzira, ndiponso kudziwa mmene mlendo wa 1950 analembera dzina la mudzi wanu, limene mwina analimva molakwa. Kubweza kwenikweni kumafuna miyendo. A International Library of African Music anachitapo zimenezi ku Kenya, kumene anatenga nyimbo ya Chemirocha imene Tracey anajambula kwa Akipsigis mu 1950 n'kukaimvetsa m'midzi imene inachokera. Kuno kwathu, ntchito yojambula nthano imene National Library Service inachita pamodzi ndi Malawi National Commission for UNESCO ndi Rei Foundation ya ku New Zealand inali ndi nzeru imodzi yoposa kujambulako: inatsegula nthawi yoti ana azisonkhana kulaibulale kudzamvera nthano kwa munthu wamoyo. Laibulale si bwalo la agogo, koma mwana amene wavomera tilitonse ndi pakamwa pake wapatsidwa chinthu chimene angadzapatse wina.

Pali chitsutso chimodzi chimene ndimachilemekeza koposa zonse, ndipo chimachokera kwa eni miyambo. Si nyimbo iliyonse imene inapekedwa kuti imvedwe ndi aliyense. Za kudambwe zili ndi eni ake, za kutsimba zili ndi anamkungwi ake, za vimbuza ndi mankhwala a munthu wodwala. Zina mwa izo zinajambulidwa pa nthawi imene kukana mlendo wobwera ndi kalata ya boma kunali kovuta. Kuzimwaza pawayilesi kapena pa WhatsApp m'dzina losunga chikhalidwe kungakhale kubwereza cholakwa chomwecho. Koma chitsutso chimenechi chikulimbikitsa mfundo yanga m'malo moigwetsa, chifukwa wodziwa kuti nyimbo iyi ndi ya pabwalo, iyi ndi ya kuseri, si wosunga matepi wa ku Makhanda kapena wa ku Chichiri. Ndi mfumu ya mzinda, namkungwi ndi sing'anga, ndipo sangagamule pa chinthu chimene sanachimve. Ulemu wa UNESCO nawonso sutha nkhaniyi. Gule Wamkulu ndi vimbuza zinalengezedwa mu 2005, tchopa mu 2014, mwinoghe mu 2018, ndipo luso la sansi, pamodzi ndi mbira ya ku Zimbabwe, mu 2020. Miyambo ya Kulamba ku Mkaika, Mulhako wa Alhomwe ku Chonde ndi Umthetho ku Hora imasonkhanitsa anthu zikwi. Koma pamisonkhano yotere gulu limapatsidwa mphindi zochepa pamaso pa alendo olemekezeka, ndipo zimene zimaoneka ndi magule a ng'oma ndi zovala. Nyimbo ya mayi wotonthoza mwana, ya m'busa wa ng'ombe, ya mkangala umene mtsikana ankadziyimbira yekha, zilibe malo papulogalamu. Nkhani ya umwini nayo ili pomwepo. Lamulo la Copyright la 2016 limaika zaluso za makolo m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, ndipo COSOMA imatolera ndalama za oyimba odziwika. Koma pa matepi ambiri aja pali dzina la munthu weniweni amene anapeka nyimbo yake pa bangwe wake, ndipo ali ndi zidzukulu. Kuitcha nyimbo yotere ya makolo basi ndi kumufafaniza munthuyo kachiwiri.

Chimene chikuchititsa kuti nkhaniyi isadikire ndi msinkhu wa anthu. Mtsikana amene anali ndi zaka 15 pamene Tracey ankajambula mu 1958 anabadwa mu 1943, ndipo ngati ali moyo wapitirira zaka 80. Amene anavina pamaso pa ojambula a MBC m'ma 1970 nawonso ndi agogo tsopano. Amenewa ndiwo angamve liwu n'kunena kuti uyu anali uje wa kwa akuti, nyimboyi ankanena mkhomesi wa msonkho, mawu awa mwawalemba molakwa, ndipo apa pamayenera kulowa m'manja mwamtundu wakuti. Njira zowafikira zilipo kale ndipo si zodula. Mawayilesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, ndi a ku Nkhotakota ndi Mzimba amalankhula ndi anthu enieniwo m'zilankhulo zawo, ndipo atapatsidwa makope a nyimbo za m'maboma awo akhoza kuziulutsa ndi kutsegula foni kuti odziwa ayimbe. Anyamata oika nyimbo m'mamemore khadi pamisika amafalitsa nyimbo mofulumira kuposa ofesi iliyonse. Masukulu ophunzitsa aphunzitsi akhoza kupereka kwa wophunzira aliyense nyimbo za dera limene akukaphunzitsa, kuti phunziro la Expressive Arts lisamathere pa kuloweza mayina a magule. Chofunika n'chakuti MBC, National Archives ku Zomba, Museums of Malawi ndi University of Malawi agwirizane kupempha makope onse amene ali kunja, awagawe boma ndi boma, ayambe kuwamvetsa mafumu ndi anamkungwi kuti apatule za kuseri, ndipo zimene achikulire adzanene pomvera zijambulidwenso n'kusungidwa pambali pa nyimbo iliyonse, pamodzi ndi dzina la woyimba ndi la mudzi wake zolembedwa molondola.